Bass Rock: thanthwe la mbalame lomwe linali ndende ya abusa

Ukakwera sitima ya pamtunda ku Edinburgh, ku Scotland, pakangotha theka la ola wafika ku North Berwick. Ukaima padoko n'kuponya maso m'nyanja, umaona chithanthwe choyera mbee ngati wina wachipaka laimu. Chimenecho ndiye Bass Rock, chotalika mamita 107. Kuyerako ndi mbalame zotchedwa gannet ndi zitosi zake. Mliri wa chimfine cha mbalame wa 2022 usanafike, zinkakwana pafupifupi 150,000, ndipo panalibe malo ena padziko pomwe mtundu umenewu unkasonkhana chonchi.

Tsiku lomwe tinapitako pa boti, fungo linatipeza tisanafike. Kenako phokoso, moti mnzako akamalankhula umangoona milomo. Mbalame imodzi inapinda mapiko pafupi nafe n'kulasa madzi ngati mkondo, phuu, n'kuvuuka itameza kale nsomba. Aliyense anali kalikiliki ndi foni. Koma ine maso anga anali pa makoma akale omwe akakamira m'mbali mwa thanthwelo, pansi pa nyumba ya nyali yowongolera zombo yomwe inamangidwa mu 1902. Kwa ine amene ndinakulira mu CCAP, makoma amenewa ndi nkhani ya kwathu.

Mu 1638 anthu a ku Scotland anasaina pangano ku tchalitchi cha Greyfriars, mu Edinburgh, lokana kuti mfumu izilamulira chipembedzo chawo. Ankatchedwa ma Covenanter. Mfumu Charles II italowa ufumu mu 1660 inabwezeretsa mabishopu, ndipo abusa mazana omwe anakana anachotsedwa m'matchalitchi. Sanasiye kulalikira. Ankasonkhanitsa akhristu kutchire ndi kumapiri, alonda ataima pazitunda kuyang'ana asilikali. Boma linagula Bass Rock mu 1671 n'kulisandutsa ndende, poti wothawa akanalowera kuti? Mbali zonse ndi phompho ndi madzi ozizira.

Mmenemo munatsekeredwa anthu ngati Alexander Peden, mlaliki wodziwika yemwe ankayenda atavala chophimba nkhope kuti asazindikiridwe. M'busa John Blackadder anamubweretsa mu 1681 ali wokalama kale. Chinyezi ndi utsi wa m'zipindamo zinamudwalitsa, ndipo anamwalirira pathanthwe pomwepo patatha zaka zoposa zinayi. Mpingo umene anthuwa anauvutikira unakhazikika mwalamulo mu 1690 ngati wa Chipresibiteriyani, wotsogozedwa ndi abusa ndi akulu a mpingo. M'mitundu ya mpingo umenewo ndi mmene munachokera amishoni a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876. Tikamakhala pa seshoni kwathu, m'busa ndi akulu a mpingo mbali imodzi, tikugwiritsa dongosolo lomwe ena analilipira ndi moyo wawo pathanthwe limeneli.

Zinthu zitatembenuka, ndendeyo inalandira otsatira Mfumu James, m'bale wake wa Charles II, yomwe inali itachotsedwa pampando. Mu 1691 akaidi anayi anaona asilikali atatsikira kudoko kukatsitsa malasha, iwo n'kutseka chipata. Analamulira thanthwelo mpaka 1694, boma likulephera kuwatulutsa, ndipo anachoka atakhululukidwa. Mu 1701 linga la ndendeyo linagwetsedwa.

Kumtunda, moyang'anizana ndi thanthweli, kuli linga la Tantallon la miyala yofiira, lomangidwa ndi banja la Douglas m'zaka za m'ma 1350 n'kuphwasulidwa ndi mizinga ya asilikali a Oliver Cromwell, mtsogoleri wankhondo wa ku England, mu 1651. Alendo ambiri amathera kumeneko, ndipo n'kokongoladi. Ine ndinabwerera m'tawuni kukafuna manda akale a tchalitchi cha North Berwick, komwe anaika Blackadder. Ndinaupeza mwala wake, ndinavula chipewa, n'kuwerenga pang'onopang'ono mawu omwe analembapo.