Mphunzitsi akafooka m'maganizo, musamati ndi ulesi

Ndatopa kumva anthu akunena kuti aphunzitsi anadya ndalama zaulere nthawi ya Covid-19, ndiye akudandaulanji. Ine ntchito yanga ndi yothandiza odwala matenda a m'maganizo, ndipo m'zaka zimenezo aphunzitsi anakhala pa benchi ya pakhomo la chipinda changa mochuluka kuposa kale lonse.

Sukulu zinatsekedwa pa 23 Marichi 2020. A Sitandade 8 ndi a Folomu 4 anabwerera pa 7 Seputembala, enawo mu Okutobala, kenako mu Januwale 2021 zinatsekedwanso mliri utakolera. Kumbukirani kuti mphunzitsi dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale. Kumsika, kutchalitchi, ngakhale pamaliro, aliyense amangoti "Aphunzitsi". Mukamuchotsa m'kalasi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, amayamba kudzifunsa kuti tsopano iye ndani. A m'sukulu zambiri za pulayiveti malipiro anaima, ena n'kuyamba kupalasa kabaza akudutsana ndi ana awo a m'kalasi. Atabwerera anauzidwa kuti ana atalikirane m'chipinda cha ana oposa 100, ndowa yosambira m'manja ili imodzi, mawu akusasa kuseri kwa masiki. Pamene bungwe la aphunzitsi la TUM linatsogolera sitalaka mu Febuluwale 2021 pofuna alawansi ya chiopsezo, ambiri anangoti ndi dyera. Anali ochepa amene anaona kuti anthuwa ali ndi mantha.

Pali mayi wina amene mpaka lero nkhani yake imandiwawa. Ankaphunzitsa Sitandade 8. Sukulu itatsegulidwa, atsikana asanu a m'kalasi mwake sanabwerere: atatu anali ndi pakati, awiri anali atakwatiwa. Mmodzi mwa iwo ndi amene mayiyu ankamudalira kuti asankhidwa kupita ku sekondale ya boma yogonera komweko. Kuyambira pamenepo mayiyu ankadzuka 2 koloko usiku n'kumatchula mayina a m'kaundula mpaka tambala kulira. Mutu unkamupweteka, mtima kuthamanga, nsima osaifuna. Anayezetsa malungo katatu, osapezeka. Palibe anamufunsa kuti akugona bwanji kapena akuganiza chiyani.

Ndiye anamutengera kwa sing'anga, amene anamuuza kuti mphunzitsi mnzake wamulodza polimbirana udindo. Anamutema mphini, ndalama zolipira anakatenga kwa akatapila, iwo n'kumusungira khadi la kubanki. Anasiya kulowa mu ofesi ya aphunzitsi, chakudya akudyera yekha pansi pa mtengo poopa mnzake wosalakwa uja. Anafika kwa ife patatha chaka ndi miyezi iwiri. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti amuna ake anatiuza kuti miyezi yambiri m'mbuyomo mayiyo ankanena kuti bola kungofa, ndipo iwo ankangoyankha kuti, "Amayi, musamalankhule zotero." Mayiyo anachira, koma choko sanachigwirenso.

Amenewa ndi matenda, ndipo amachizika. Munthu akatha milungu iwiri ali wokhumudwa, tulo osabwera, zimene ankazikonda zitamutuluka mumtima, musadikire holide kuti mwina apumula. Holide sichiza zimenezi. Mphunzitsi amene kale ankafika m'mawa kuposa onse, lero akujomba, akukalipira ana pa zinthu zazing'ono, makope aunjikana osachonga, kapena wayamba kununkha kachasu 10 koloko m'mawa, ameneyo a hedi mukhale naye pansi musanamulembere kalata yopita kwa a PEA, mlangizi woyang'anira sukulu za pulayimale m'deralo.

Kupemphera sindiletsa, ndipo odwala anga ambiri mpingo unawathandiza kudzuka. Chimene ndimakana ndi munthu wouza wodwala kuti ataye mankhwala chifukwa wamwa madzi odzozedwa, kapena wolosera mfiti pakati pa anthu ogwira ntchito limodzi. Ndimakananso mapiritsi ogonetsa monga diazepam ogula pamsika kapena opatsidwa ndi mnzanu. Thupi limawazolowera msanga, nkhawa ija ili pompo, ndipo akasakanikirana ndi mowa amatha kupha. Mankhwala enieni a matendawa amatenga milungu iwiri mpaka inayi kuti muyambe kumva kusintha, choncho wowasiya patatha masiku asanu n'kumati sagwira ntchito wadzilakwira yekha.

Pitani kuchipatala cha pa boma lanu mukafunse namwino kapena dokotala woona za matenda a m'maganizo, ndipo mukanene zonse, osati mutu wokha. Kulinso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ambiri amalandira thandizo n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Koma mukamva mnzanu akunena kuti watopa ndi moyo, musamusiye yekha ngakhale usiku umodzi. Mperekezeni tsiku lomwelo, kalasi yake agwirizire wina.