Mfumu ya Amaseko sinkaikidwa m'manda

Mukatchula zotentha mtembo ku Ntcheu, anthu amagwedeza mutu nkunena kuti zimenezo ndi za amwenye achihindu a ku Blantyre. Koma mbiri ya Angoni a Amaseko ikunena zina. Mputa, yemwe anatsogolera Amaseko kuwoloka Zambezi nkukafika ku Songea m'dziko la Tanzania, ataphedwa kumeneko thupi lake linatenthedwa. Akuluakulu amasimba kuti ankatseka madzi a mtsinje, nkuunjika nkhuni pouma, moto ukazima nkutsegula madzi aja kuti akokolole phulusa. Mdani asapeze ngakhale kafupa kochitira mankhwala. Umenewu unali ulemu wa inkosi yokha.

Mngoni wamba ankamukulunga m'chikopa cha ng'ombe nkumuika chokhala, pafupi ndi khola. Achewa amene Angoni anawapeza kuno anali ndi manda awo m'nkhalango, komwe munthu salowa popanda chilolezo cha mfumu, ndipo adzukulu ndi amene amakumba.

Mwambo wa moto uja unatha pamene ufumu unagwedezeka. Gomani Woyamba, inkosi ya Amaseko, anawomberedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896, ndipo manda ake alipo mpaka lero ku Ntcheu. Mwana wake, Philip Gomani, amene anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anali Mkhristu, ndipo atamwalira mu 1954 anamuika m'manda. Kwa anthu wamba, mamishoni monga Mua ndiwo anazoloweretsa bokosi, mtanda ndi nyimbo za kwaya, ngakhale kuti ku Dedza Gule Wamkulu amatulukabe pa maliro a munthu wolowa kudambwe.

Masiku ano mkangano uli pa ndalama. Mnyamata akafera ku Johannesburg, abale amagulitsa mbatatesi yonse, mwina ndi ng'ombe yomwe, kuti thupi libwere. Pasiwa pamafunika ufa, ndiwo, nkhuni ndi shuga, kenako chiliza cha simenti. Ena a m'tauni ayamba kunena kuti akadzamwalira adzaikidwe komweko, asavutitse anthu. Amalume ambiri savomera, ndipo ine sindiwadzudzula kwenikweni: manda amasonyeza kuti banja ndi la m'mudzi umenewo, ndipo pa milandu ya malo anthu amaloza pomwe anagona makolo awo. Zotentha mtembo ndiye sazitchula nkomwe, ngakhale amene amavala nthenga ndi zikopa popita ku Umhlangano, mwambo wa pachaka wa Angoni a Amaseko, ku Nkolimbo.