Msewu wa Karakoram si wa dzulodzuloli ayi

Anthu ambiri akaona mavidiyo a msewu wa Karakoram pa TikTok, tala wosalala akukhotakhota m'mapiri oyera mbuu ndi chipale, amangoti aaa izi ndi za ma China zatsopanozi, za Belt and Road, pulogalamu ya China yomanga misewu ndi njanji m'maiko ena. Ayi ndithu, msewuwu ndi wakale kuposa ambiri a ife. Pakistan ndi China anaumanga limodzi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo alendo akunja anayamba kuloledwa kudutsa mu 1986. Ndi wautali pafupifupi makilomita 1,300, kuchokera kufupi ndi Islamabad, likulu la Pakistan, mpaka ku Kashgar ku China, ndipo pa boda pa Khunjerab umakwera kupitirira mamita 4,600, mpweya ndi wochepa moti ukangothamangako pang'ono mutu wayamba kuwawa, komanso pompo madalaivala amasintha mbali, ku Pakistan amayenda kumanzere ngati kwathu kuno, ku China kumanja.

Antchito anafapo ambiri, a ku Pakistan oposa 800, ambiri chifukwa cha miyala yogumuka. Ku Gilgit, kumpoto kwa Pakistan, kuli manda a antchito achi China mpaka lero.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti mu Januwale 2010 phiri linagumuka ku Attabad, mbali ya Pakistan, n'kutseka mtsinje wa Hunza, madzi anadzadza mpaka kusanduka nyanja yabuluu, msewu n'kumira. Zaka zisanu zathunthu anthu, katundu ngakhale magalimoto ankawoloka pa maboti. Matanelo atsopano olambalala nyanjayo anatsegulidwa mu 2015, ndiye amene mumawaona akuwala m'mavidiyo aja.