Kulowa Yunivesite Pofuna Kuphunzira Zolembalemba Kapena Zachilengedwe: Mafunso ndi Mayankho

Ndani amasankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma?

Kalata zopempha malo zimadzera ku bungwe la National Council for Higher Education, lomwe ambiri amangolitchula kuti NCHE, ndipo linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2011. Wophunzira amadzaza fomu imodzi yokha, n'kulembapo mapologalamu amene akufuna motsatira mmene akuwakondera, ngakhale mapologalamuwo atakhala a m'mayunivesite osiyana. Mayunivesite ake ndi UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, LUANAR ku Lilongwe, Mzuni ku Mzuzu, ndi MUST ku Ndata m'boma la Thyolo. Makolo amene anazolowera mayina a Chancellor College ndi Polytechnic adziwe kuti kuyambira mu 2021 sukuluzi zinaima pazokha, yoyambayo n'kusunga dzina la UNIMA, inayo n'kukhala MUBAS.

Kodi munthu ayenera kukhoza bwanji mayeso a MSCE kuti aganiziridwe?

Ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi imodzi, ndipo imodzi mwa iwo ikhale ya Chingerezi. Pa mayeso a MANEB, 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, pamene 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pophatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene munthu wakhoza bwino koposa, choncho wopeza 1 ponseponse amakhala ndi mapointi 6, ndipo wopeza 6 ponseponse amakhala ndi 36. Amene wapeza 7 pa Chingerezi sangasankhidwe m'njira imeneyi, ngakhale atapeza 1 pa masamu ndi pa bayoloje.

Ngati mapointi anga ndi ochepa, ndiye kuti malo ndawapeza kale?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amakhumudwira. Pologalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana, ndipo mpikisano umachitika pa maphunziro amenewo. Tiyerekeze kuti mtsikana wina wapeza 1 pa Chichewa, 2 pa Chingerezi, 2 pa mbiri yakale, 2 pa maphunziro a Baibulo, 3 pa jogalafe ndi 4 pa zaulimi. Ameneyu ali ndi mapointi 14, kwawo akondwera, mwina aphanso nkhuku. Koma ngati masamu anapeza 7 ndipo kemisitiri sanalembe n'komwe, kulemba pologalamu ya sayansi ya zachilengedwe pa fomu yake n'kutaya mzere pachabe, chifukwa mapologalamu otere amafuna makirediti a masamu ndi a maphunziro a sayansi monga bayoloje, kemisitiri kapena fizikisi. Mtsikana yemweyo akanakhala ndi mwayi waukulu akanaika patsogolo maphunziro a ziyankhulo ndi zolembalemba.

Kunena zoona, nkhani imeneyi imagamulidwa mwana akamalowa Fomu 3, pamene amasankha maphunziro oti apitirize ndi oti asiye. Ambiri amasiya kemisitiri chifukwa choti anzawo ati ndi yovuta, kapena chifukwa sukulu yawo ilibe chipinda choyeseramo zasayansi, osadziwa kuti pamenepo atseka khomo limene adzalifune patapita zaka ziwiri. Aphunzitsi a Fomu 2 akanamawerengera ana awo chikalata cha NCHE cha chaka chimenecho, madandaulo ambiri sakanakhalapo.

Maphunziro a zachilengedwe amapezeka kuti?

Amapezeka m'mayunivesite angapo, koma sali ofanana. Ku LUANAR, kumene kuli sukulu ya Bunda, amatsamira pa nthaka, nkhalango, nsomba ndi kasamalidwe ka zinthu zachilengedwe. Ku Mzuni kuli gawo lonse la sayansi ya zachilengedwe, lophunzitsa za nkhalango, usodzi ndi madzi. MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014, ili ndi sukulu ya zanyengo ndi za pansi pa nthaka, pamene MUBAS imayang'ana kwambiri za ukhondo, zinyalala ndi kuipitsidwa kwa madzi ndi mpweya. Digiri zambiri mwa izi zimatenga zaka zinayi.

Nanga wofuna kukhala mlembi wa ndakatulo, nthano kapena masewero apite kuti?

Kwawo kwa maphunziro amenewa ndi ku Zomba. Kumeneko luso la kulemba limaphunzitsidwa pamodzi ndi kuwerenga ndi kusanthula zimene ena analemba, ndipo wophunzira asayembekezere kuti azingolemba ndakatulo zaka zonse zinayi. Adzawerenga mabuku ochuluka, adzalemba zimangirizo zomwe mphunzitsi adzazibweza zitafiira ndi inki, ndipo adzaphunzira mmene chiyankhulo chimagwirira ntchito. Wokonda Chichewa ali ndi gawo la ziyankhulo za mu Africa, komanso pansi pa yunivesite yomweyi pali Centre for Language Studies, yomwe inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996.

Pali chinanso chimene sichilembedwa pa fomu. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a Chancellor College anayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers Group, kumene munthu ankawerenga zimene walemba pamaso pa anzake iwo n'kuzidzudzula mosanyengerera, ndipo mmodzi mwa oyambitsa ake anali Jack Mapanje. Gulu lotere silifunsa mapointi kapena pologalamu ya munthu, choncho wophunzira sayansi amene ali ndi kope la ndakatulo pansi pa pilo sayenera kuganiza kuti wataya mphatso yake.

Kodi n'zotheka kuphatikiza zolembalemba ndi zachilengedwe?

Pa fomu ya NCHE munthu amasankhidwira pologalamu imodzi, koma pa ntchito zinthu ziwirizi zimakumana kawirikawiri. Madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Zomba mu 1946, ndiponso ku Phalombe mu 1991, anthu anati wadutsa Napolo, ndipo alembi akhala akubwerera ku dzina limeneli, pamene asayansi amafotokoza za mvula yochuluka ndi nthaka yolekana ndi thanthwe. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope a m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mu Malichi 2023, panafunika odziwa kuyeza malo otsetsereka komanso odziwa kuchenjeza anthu m'Chichewa chomveka. Lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, limafuna kuti ntchito zikuluzikulu za chitukuko ziyambe zaunikidwa mmene zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo lipoti la kauniuni wotere ndi lolembedwa, loyeneranso kufotokozeredwa mafumu ndi anthu awo.

Wosankhidwa koma wopanda ndalama za fizi atani?

Apemphe ngongole ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Kusankhidwa kudzera ku NCHE sikutanthauza kuti ngongole yabwera yokha, chifukwa imafunsiridwa padera ndipo wopempha ayenera kuonetsa umboni woti ndi wosowa. Ndalamazi zimabwezedwa munthu akamaliza maphunziro, ndipo lamulo limapatsa olemba anthu ntchito udindo wozidula pa malipiro ake.