Mandimu, Jik ndi RNA ya kachilombo

Kukangozizira mu June kuno ku Johannesburg, magulu athu a WhatsApp a ku Yeoville ndi Diepsloot amadzaza malangizo: imwani mandimu, asidi amapha kachilombo, ena amati ayi, imwani soda. Ntchito yanga ndi ya mu labotale, ndipo malangizo amenewa amandidetsa nkhawa.

Tizilombo ta chimfine, HIV ndi Covid-19 timasunga malangizo ake mu RNA, ulusi wa zilembo zinayi: A, U, G ndi C. Wa HIV uli ndi zilembo zoposa 9,000, wa Covid-19 pafupifupi 30,000. Ulusiwu sukhala wowongoka. A amagwirana ndi U, G amagwirana ndi C, choncho umapindikapindika ngati luzi lokulunga, ndipo mapindidwe ena ndi amene amachititsa kuti selo la munthu liwerenge malangizowo momwe kachilomboko kakufunira. Mu 2009 gulu la Kevin Weeks ku University of North Carolina, ku America, linaonetsa mapindidwe a RNA yonse ya HIV, pogwiritsa ntchito mankhwala amene amamata pomwe ulusi wamasuka n'kusiya pomwe wagwirana.

Asidi timamuyeza ndi pH, kuyambira 0 mpaka 14; madzi oyera ali pa 7, ndipo asidi amakhala pansi pa 7. pH ikatsika kufika cha pa 4 kapena kuchepera, A ndi C amayamba kulephera kugwirana bwino ndi anzawo, mapindidwe n'kusintha. Koma chimene RNA imaopa kwambiri ndi mbali inayo, ya pH yokwera kwambiri. Mu caustic soda ulusiwo umaduka zidutswazidutswa, pomwe DNA, ulusi wofanana nawo umene umasunga malangizo a maselo athu, imangomasuka osaduka.

Kusiyana kwa RNA ndi DNA pa asidi timakugwiritsa ntchito. Mu 1987 Piotr Chomczynski ndi Nicoletta Sacchi anafalitsa njira yopatulira RNA: mankhwala otchedwa guanidinium amaphwasula chikuto cha kachilombo, ndipo ena a asidi otchedwa phenol amakokera DNA ndi mapuloteni pansi. Ukazunguza kabotoloko m'makina, pamwamba pamatsala timadzi toyera mbee, ndipo umatiyamwa ndi kachipangizo koyamwira pang'onopang'ono, mkono osanjenjemera, kuti usakhudze kamzere kotuwa kapakati. RNA ili m'timadzi timeneto. Popanda kupatula RNA mwa njira zotere, malabotale ngati a NICD, bungwe la boma lofufuza matenda opatsirana la ku Sandringham, sakanatha kuwerenga zilembo za Omicron, mtundu wa kachilombo ka Covid-19, mu November 2021.

Zonsezi zimachitika m'botolo. M'thupi, mapapo ndi impso zimasunga pH ya magazi pakati pa 7.35 ndi 7.45, kaya mwamwa mandimu kaya soda wophikira therere. M'mimba muli kale asidi woposa wa madzi a mandimu, komabe kachilombo ka poliyo kamadutsamo kali ndi moyo chifukwa chikuto chake n'cholimba. Ka chimfine kamakhala kabisala m'maselo a mphuno ndi kukhosi, kumene chakumwa sichingakafikeko. Mandimu mu tiyi ndi abwino pakhosi, ine sindiletsa, koma musasiye ma ARV kapena kuchedwa ku kiliniki chifukwa cha iwo.

Jik amawonongadi mapuloteni ndi RNA ya kachilombo, koma pa tebulo ndi m'chimbudzi, osati m'kamwa. Ambiri a ife timakonza m'nyumba ku Sandton ndi ku Randburg, ndiye chonde amayi ndi abambo, musasakanize Jik ndi viniga kapena mankhwala a asidi otsukira chimbudzi poganiza kuti mphamvu iwonjezeka. Zimatulutsa mpweya wa klorini umene umawotcha maso ndi mapapo, makamaka m'bafa lotseka. Jik musungunuleni ndi madzi okha, monga botolo lanenera, zenera lili lotsegula.