Tizikwera sikelo kangati tikamachepetsa thupi?

Mayi aliyense amene analerapo mwana amakadziwa kabuku ka kusikelo. Mwezi ukatha mwana amamupachika pasikelo ija yolendewera, alangizi a zaumoyo n'kuika kadontho m'kabukumo. Mlangizi wodziwa ntchito yake sagamula kuti mwana akukula bwino kapena ayi poona kadontho kamodzi. Amalumikiza timadontho ta miyezi ingapo n'kuona kumene mzerewo ukulowera. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti amayi omwewo, akayamba kuchepetsa thupi lawo, zonsezi amaziiwala. Amakwera sikelo m'mawa umodzi, nambala ikakwera pang'ono mtima uli phwi, tsiku lonse lawonongeka.

Pantchito yanga yolangiza anthu za kadyedwe, funso loti "ndizidziyeza kangati?" limabwera pafupifupi mlungu uliwonse. Yankho langa lili pawiri chifukwa m'funsomo muli mafunso awiri. Kukwera sikelo n'kulemba nambala ndi nkhani ina, kuweruza ngati zikuyenda ndi nkhani inanso. Kuyeza mungathe tsiku lililonse, ndipo kusachepere kamodzi pamlungu. Kuweruza kokha kumafuna milungu itatu kapena inayi.

Sikelo siyeza mafuta okha. Imayeza munthu yense: mafupa, minofu, magazi, madzi, nsima ya dzulo imene ikadali m'matumbo, ngakhale mkodzo umene simunataye. Pa zonsezi, chimene chimasinthasintha msanga ndi madzi. Munthu wamkulu akhoza kusiyana ndi kilogalamu imodzi kapena awiri pakati pa lero ndi mawa popanda mafuta kuwonjezeka kapena kuchepa. Mwadya usipa wouma wothira mchere wambiri, kapena kanyenya ndi chipisi cha pachiwaya, thupi limasunga madzi kuti lisungunule mcherewo, ndipo m'mawa sikelo imakuuzani. Mwadya nsima kapena mpunga wochuluka kuposa masiku onse, thupi limasunga shuga wina m'chiwindi ndi m'minofu, amene akatswiri amamutcha glycogen, ndipo galamu iliyonse ya shuga wosungidwayu imakoka madzi okwana pafupifupi magalamu atatu. N'chifukwa chake munthu akangoyamba kuchepetsa nsima amatsika makilogalamu awiri mlungu woyamba n'kuyamba kuimbira foni abale. Zambiri mwa zimene zachokazo ndi madzi. Mlungu wachitatu liwiro likachepa amaganiza kuti njirayo yasiya kugwira, pomwe apo zambiri mwa zimene zikuchoka ndi mafuta enieni. Onjezanipo kudzimbidwa, thukuta la mu Okutobala, ndi masiku oyandikira kumwezi kwa amayi, pamene thupi limafufuma ndi madzi.

Mafuta enieni amayenda pang'onopang'ono. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi makalori (muyezo wa mphamvu imene timapeza m'chakudya) pafupifupi 7,700. Mayi wamkulu amafuna makalori oyandikira 2,000 patsiku. Ndiye kuti, kuti munenepe kilogalamu yathunthu ya mafuta usiku umodzi, muyenera kudya chakudya cha masiku anayi pamwamba pa chakudya chanu cha tsikulo. Ngakhale paukwati wa mwana wa achimwene, zimenezo n'zovuta.

Mayi wina wazaka za m'ma 40 anabwera kwa ine atakwiya, kabuku kali m'manja. Anali atasiya zakumwa zotsekemera, atachepetsa mitanda ya nsima kuchoka pa itatu kufika pa iwiri, ndipo madzulo ankayenda wapansi. "Adokotala, ndikungodzizunza chabe. Taonani, ndanenepa." Ine si dokotala, koma dzinalo ndinatopa kulikana. Anandiloza manambala awiri: Lachinayi la mlungu woyamba 83.6, Lamulungu la mlungu wachiwiri 84.4. Ndinawapempha kuti tiwerenge masiku onse. Mlungu woyamba, kuyambira Lolemba, analemba 84.9, 84.2, 84.0, 83.6, 83.9, 84.4 ndi 85.1. Titaphatikiza n'kugawa ndi 7 tinapeza 84.3. Mlungu wachiwiri unali 84.6, 83.8, 83.5, 83.3, 83.1, 83.9 ndi 84.4, avereji yake 83.8. Anali atatsika theka la kilogalamu pamlungu umodzi, lomwe ndi liwiro lenileni limene timafuna: pakati pa theka la kilogalamu ndi kilogalamu imodzi pamlungu. Anangoti, "Ha! Ndiye ndimafuna kukagula Fanta pobwerera."

Taonaninso manambala awo. Amatsika mkati mwa mlungu n'kukhala okwera Loweruka, Lamulungu ndi Lolemba. Si iwo okha. Ofufuza anazipeza mwa anthu ambiri amene amadziyeza tsiku ndi tsiku: kulemera kumafika pamwamba cha Lamulungu ndi Lolemba, n'kutsika mpaka Lachisanu. Kwathu kuno chifukwa chake sichisowa. Zinkhoswe, maukwati, mpunga wa nkhuku tikaweruka kutchalitchi, mowa wa abambo pamene akuonera mpira, zonse zimagwera kumapeto kwa mlungu.

Pa nkhani ya kuyeza kawirikawiri, umboni umene tili nawo wambiri ndi wochokera ku America. Kumeneko mu 1994 akatswiri awiri, Rena Wing ndi James Hill, anayambitsa kaundula wotchedwa National Weight Control Registry. Amalembamo anthu amene anachepetsa makilogalamu osachepera 13 ndi theka n'kukhala chaka chathunthu osabwerera mwakale. Atatu mwa anayi alionse a anthu amenewa amakwera sikelo kamodzi pamlungu kapena kuposa apo. Mu 2006 Wing ndi anzake anasindikiza kafukufuku wina m'magazini ya zachipatala yotchedwa New England Journal of Medicine, wa anthu amene anali atachepetsa kale thupi. Mwa amene anaphunzitsidwa kugwiritsa ntchito sikelo, omwe ankadziyeza tsiku lililonse sankabwerera kunenepa kwambiri poyerekeza ndi anzawo. Musamve molakwa: sikelo sisungunula mafuta. Ntchito yake ndi ya mlonda. Imakudzutsani kilogalamu imodzi ikangolowa, osati mudzazindikire atakwana asanu ndi limodzi tsiku limene siketi ya kuukwati yakana kutseka zipi.

Choncho ngati muli ndi sikelo kunyumba ndipo mtima wanu umatha kulandira nambala popanda kugunda, ndimalangiza kuyeza m'mawa uliwonse n'kulemba, kenako kumapeto kwa mlungu kupeza avereji. Phindu lake lina ndi lakuti pakatha mwezi mumalizolowera thupi lanu. Mumadziwa kuti mukadya matemba amchere mawa nambala ikwera ndipo mkuja itsika, ndiye simudzidzimukanso. Ngati kuwerengera avereji kukukulemerani, kamodzi pamlungu n'kokwanira, bola likhale tsiku lomwelo. Sankhani Lachitatu, Lachinayi kapena Lachisanu. Lolemba lisiyeni, limanyoza. Kupitirira mlungu osayeza ndimaona kuti n'kutalikitsa kwa munthu amene ali mkati mochepetsa thupi, chifukwa manambala awiri pamwezi sapanga mzere wodalirika. Limodzi likagwera tsiku la madzi ambiri mwasokonezeka kale. Koma kukwera sikelo kawiri kapena katatu patsiku, m'mawa, masana, madzulo, kulibe phindu lililonse. Pamenepo mukungoyeza tiyi ndi madzi amene mwamwa.

Kayezedwe kake n'kosavuta. Mukangodzuka, mutapita kokataya madzi, musanadye kapena kumwa kanthu, mutavala zopepuka zofanana masiku onse. Sikelo ikhale pa simenti yosalala, osati pamkeka kapena pakapeti, ndipo isamasunthidwesunthidwe. Ikhale sikelo yomweyo. Masikelo awiri akhoza kusiyana ndi kilogalamu yathunthu, moti kufananiza ya kunyumba ndi ya kuchipatala ndi kudzipweteka mutu chabe.

Ambiri alibe sikelo kunyumba, ndipo sindiuza munthu kuti asiye kugula ndiwo akagule sikelo. M'matauni mwathu muli anyamata amene amakhala m'mbali mwa msewu ndi sikelo, mumalipira kandalama n'kukwera. Zimathandiza ndithu ngati mupita kwa munthu yemweyo, tsiku lomwelo la mlungu, nthawi yofanana, mutavula nsapato ndi jekete, ndipo chikwama mwapatsira wina. Onetsetsani kuti muvi uli pa ziro musanakwere. Amene mumapita kukiliniki ya shuga kapena ya BP, pemphani kuti akuyezeni ndipo nambala ilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, inunso muikopere m'kabuku kanu.

M'kabukumo musamangolemba nambala yokha. Mizere itatu ndi yokwanira: tsiku, makilogalamu, ndi mawu awiri atatu ofotokoza za dzulo lake. "Ku chinkhoswe." "Sindinapite kuchimbudzi masiku awiri." "Ndatsala pang'ono kusamba." "Ndinagona maola anayi." Timawu timeneti ndi timene timasandutsa manambala kukhala nkhani yomveka. Foni ikhoza kugwira ntchito yomweyo, ndipo mapulogalamu ena amajambula okha mzere, koma kope la ana asukulu ndi bolopeni sizitha moto. Kwa amayi amene amapitabe kumwezi pali lamulo lina laling'ono: fananizani mlungu uno ndi mlungu wofanana nawo wa mwezi watha. Mlungu woti mwatsala pang'ono kupita kumwezi ufananizidwe ndi unzake wotero. Mukaufananiza ndi mlungu wongotha kusamba mudzadziimba mlandu umene simunapalamule.

Nanga ndi liti pamene tinganene kuti zaima? Avereji ikakhala pamodzimodzi milungu itatu kapena inayi yotsatizana. Apo mpoyenera kukhala pansi n'kufufuza: mwina masupuni a shuga m'tiyi abwerera mwakachetechete, mwina mitanda ndi iwiri ndithu koma yakula, mwina mandasi a pa 10 koloko kuntchito sakuwerengedwa. Masiku asanu okha osatsika si chifukwa chosinthira kalikonse, ndipo si chifukwa chodumphira chakudya chamasana. Ndaona anthu ambiri akulephera osati chifukwa njira yawo inali yoipa, koma ankaisintha Lachiwiri lililonse.

Pali anthu amene malangizo a tsiku ndi tsikuwa sakuwakhudza. Ngati nambala ya m'mawa ndi imene ikulamula ngati mudye kapena ayi, ngati mumadzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba ikakwera, ngati mukulephera kutuluka m'nyumba musanakwere sikelo, ibiseni sikeloyo ndipo mukalankhule ndi a chipatala. Limeneli ndi vuto la kadyedwe lofuna thandizo, ndipo limagwira kwambiri atsikana achisodzera. Makolo, musamayeze mwana wanu wamkazi pamaso pa abale n'kumaseka. Amayi oyembekezera nawonso si nthawi yochepetsa thupi. Kulemera kwawo akutsate ndi anamwino a kusikelo.

Ena ndi osiyana ndi amenewa: ayenera kuyeza tsiku lililonse pa chifukwa china. Odwala mtima wofooka, amene amatupa miyendo ndi kubanika, akaona kuti awonjezera makilogalamu oposa awiri m'masiku atatu, amenewo ndi madzi akudzaza m'thupi ndipo apite kuchipatala osadikira tsiku lawo. Komanso munthu amene akutsika popanda kufuna, sanasinthe kadyedwe koma malamba akungobooledwa, asasangalale. TB, HIV, shuga ndi khansa zonse zikhoza kuyamba motero. Mbali inayi, mankhwala ena amanenepetsa anthu ena, monga ma ARV okhala ndi dolutegravir ndi jakisoni wolera wa Depo. Kabuku kanu kakaonetsa kuti kukwera kunayamba mutayamba mankhwala, musawasiye panokha. Pitani nako kwa amene anakupatsani mankhwalawo mukakambirane.

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa asanu alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi anali ndi thupi lopitirira muyezo, ndipo m'matauni chiwerengerocho chinali chokwera kuposa kumudzi. Komabe kunenepa timakutamabe kuti munthu "akusamalidwa", ndipo wochepetsa thupi amafunsidwa ndi apongozi kuti, "Kodi muli bwinobwino?" Mayi uja wa Fanta anandiuza kuti kabuku kake kanamuthandizanso pamenepa. Alamu ake atayamba manong'onong'o, anangowatsegulira masamba n'kuwaonetsa kuti kutsikako n'kochita kufuna, theka la kilogalamu pamlungu, kolembedwa ndi dzanja lake.

Chida china chimene ndimachikonda kuposa sikelo ndi tepi ya telala. Mafuta oopsa kwambiri pa nkhani ya shuga ndi BP ndi a pamimba, ndipo nthawi zina mimba imaphwa sikelo isanasunthe, makamaka kwa amene ayamba masewera olimbitsa thupi. Yezani kamodzi pa milungu iwiri kapena pamwezi, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya bwinobwino osakoka mimba. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiopsezo chimayamba kukwera mayi akapitirira masentimita 80 ndipo bambo akapitirira 94. Mulibe tepi? Tengani chingwe, muyeze msinkhu wanu kuchokera pansi mpaka pamutu, mudule, kenako muchipinde pakati. Chingwe chopindacho chiyenera kuzungulira mimba yanu nsonga zake n'kukumana. Zikakana kukumana, onani kuti patsala zala zingati, mulembe m'kabuku momwemo pambali pa makilogalamu, ndipo chingwecho muchikoloweke pamsomali mpaka mwezi wamawa.