Chifukwa chiyani kabichi wa kudimba sachita maluwa ngati mpiru?

Mlimi wina wa kudimba anandifunsa funso limene ndimalimva kawirikawiri pantchito yanga yofufuza za mbewu. Mpiru akausiya umakhwima, n'kuchita maluwa achikasu, iye n'kusunga njere zake. Kabichi ngakhale amusiye miyezi ingati amangong'ambika mutu n'kuwola. Ndiye ankaganiza kuti ogulitsa mbewu amamuthira mankhwala kuti alimi azibwerabe kudzagula.

Palibe mankhwala. Kabichi kwawo ndi ku Ulaya, ndipo m'chibadwa chake muli lamulo lakuti asachite maluwa asanadutse m'chisanu chenicheni. Kumeneko chomera chimene chingafulumire kuchita maluwa chisanu chili pafupi chimafa chisanabale. Zimene zinapulumuka ndi zodziwa kudikira.

Kudikirako kumayendetsedwa ndi jini, tizigawo ta DNA, chinthu chimene chimasunga malangizo a chibadwa m'chamoyo chilichonse. Ina mwa izo ndi FLC, yomwe akatswiri a ku Wisconsin ku America ndi a ku Canberra ku Australia anaifotokoza mu 1999 pofufuza kachitsamba kakang'ono ka mtundu umodzi ndi kabichi, kotchedwa Arabidopsis. FLC ili ngati buleki. Ikakhala yogwira, masamba satumiza uthenga kunsonga yophukira woti nthawi ya maluwa yakwana. Kukazizira kwa milungu ingapo, kutentha kuli pansi pa madigiri 10, selo lililonse, kachipinda kosaoneka ndi maso kamene kamapanga thupi la chomera, limayamba kuikulunga jiniyo mpaka kuitsekeratu. Chimene chimandigometsa ine n'chakuti kukafundanso, buleki ija sigwiranso. Maselo atsopano amatengera kutsekeka komweko, ndiye chomera chopanda ubongo chimakhala ngati chikukumbukira kuti chisanu chadutsa. Caroline Dean wa ku John Innes Centre mumzinda wa Norwich ku England wathera zaka zambiri akufufuza mmene kukumbukira kumeneku kumachitikira.

Usiku umodzi wozizira sukwanira. N'chifukwa chake chisanu chathu cha June ndi July, chozizira m'bandakucha koma dzuwa n'kuwomba masana, nthawi zambiri sichifika pomasula kabichi.

M'njere yatsopano buleki imabwereranso, moti mwana ayenera kudziwonera yekha chisanu chake. Trofim Lysenko wa ku Soviet Union, amene anatchuka ndi nkhaniyi kuyambira mu 1928, ankaphunzitsa kuti mbewu ikazizidwa ana ake amatengera. Zinali zolakwika, koma boma la Stalin, mtsogoleri wa dzikolo, linamuikira kumbuyo, ndipo Nikolai Vavilov, katswiri weniweni amene ankatsutsana naye, anafera m'ndende ku Saratov mu 1943. Nkhani imeneyi imandipweteka nthawi zonse ndikaikumbukira.

Tirigu ali ndi njira yakeyake yochitira zofananazi. Jini zake ndi VRN1 ndi VRN2, zomwe gulu la Jorge Dubcovsky ku Davis, California, linazipeza mu 2003 ndi 2004. Tirigu amene amafesedwa ku Ukraine kapena ku Kansas chisanu chisanayambe amagona pansi pa sinowo, n'kudzatulutsa ngala kukafunda. Mutamufesa ku Tsangano angochuluka masamba ngati udzu. Amene amalimidwa kuno, komanso wothirira wa ku Zambia ndi ku Zimbabwe, ndi wa mtundu wina umene VRN1 yake imayamba kugwira ntchito popanda kudikira chisanu, ngakhale timamufesa m'nyengo yozizira.

Apa m'pamene nzeru zimenezi zimathandiza. Woswanitsa mbewu masiku ano amatenga kachidutswa ka tsamba la kambewu kongomera kumene, n'kuyeza DNA yake, n'kudziwiratu ngati kadzafuna chisanu chambiri, chochepa kapena ayi. Safunikanso kudikira chaka chonse kuti aone. M'mayiko amene nyengo yachisanu ikufunda, funso limeneli layamba kukhudza zokolola zenizeni.

Mlimi uja ndinamulangiza kuti mpiru apitirize kusunga njere zake, koma kabichi asamataye naye malo pomudikirira maluwa. Ndinamuuzanso kuti zambiri za m'timapaketi timene amagula ndi za haibulidi, zobadwa poswanitsa mitundu iwiri yosiyana, moti ngakhale kabichiyo akanabala, ana ake sakanafanana ndi mayi wawo.